Supuni Itagogoda Kapu Katatu

Ndinayamba kulemba m'kope chaka chimene ndinachoka ku Nsambe kudzayamba Fomu 1 pa Boma. Kwathu ndinkacheza ndi amayi anga tikamakumba mbatata, ndipo mawu ankabwera okha chifukwa tonse tinkayang'ana pansi. Kuno ndinasowa woyankhula naye. Ndinkakhala ndi azakhali, mlongo wawo wa bambo anga, amene amagulitsa kaunjika pamsika. Ankachoka kusanatenthe n'kubwera atatopa moti moni wanga ankangouyankha ndi mutu. M'kalasi ndinali mtsikana uja amene akalozedwa amayang'ana desiki mpaka funso lipite kwa wina. Choncho zonse ndinkauza kope. Linali la chikuto chobiriwira, ndipo ndinkalibisa pansi pa matiresi, msana wake utaloza kukhoma.

Azakhali anali ndi lamulo limodzi, ndipo anandiuza tsiku lomwe ndinafika, chikwama ndisanatule. "Iwe wabwerera sukulu. Ndikadzangomva kuti wapezeka ukuonera kanema, kaya kumsika kaya kwa munthu, njinga ya ku Nsambe sisowa. Ukafotokoze wekha kwa bambo ako." Sanali munthu woipa. Anali ataona atsikana angapo akuyamba ndi kusuzumira pakhomo la nyumba zoonetsera mafilimu n'kumaliza ali ndi mwana kumsana, ndiye ankaopa.

Kuseri kwa mpanda wathu kunkakhala banja la anthu awiri achikulire. Bambowo aliyense ankawatchula kuti Akalaliki, ngakhale ntchito ya mu ofesi anapuma kalekale. Anali atadwala sitiroko. Dzanja ndi mwendo wa kumanja zinafa, ndipo mawu ankatuluka movutikira, amodziamodzi, kumbali imodzi ya pakamwa. Akazi awo ine ndinkangowatchula kuti Amayi a kuseri. Ndiwo ankawasambitsa, kuwameta, kuwatulutsa padzuwa ndi kuwamwetsa tiyi. Tsiku lina anauza azakhali pampanda kuti, "Mtsikana wanuyo azibwera Loweruka masana adzawawerengere Chingerezi bambowa. Ine maso anatha, ndipo iwo akamva munthu akulakwitsa amakhala ndi moyo." Azakhali anavomera chifukwa anamva mawu akuti Chingerezi.

Ndipo ndinkawerengadi. Ndikaphonya liwu, Akalaliki ankagogoda mkono wa mpando ndi dzanja lamanzere, ine n'kubwereza. Koma tsamba limodzi likatha, magetsi akakhala kuti alipo, Amayi ankavundukula kansalu koluka kamene kankaphimba wailesi ya kanema, n'kukoka katoni ya nsapato pansi pa tebulo. Loweruka loyamba lomwelo ndinawauza za lamulo la azakhali, ndikuyang'ana zala zanga. Iwo anaseka.

"Ichinso ndi Chingerezi, mwanawe. Khala pansi."

Ndinakhala.

M'katonimo munali madisiki amene mwana wawo anawagulira ku Blantyre, a sewero lakalekale la azungu, lopanda mitundu, lakuda ndi loyera basi. Disiki iliyonse inali ndi gawo limodzi, nkhani yakeyake, anthu ena, nyumba ina. Pa iliyonse panali nambala yolembedwa mwaukhondo ndi dzanja la Akalaliki lisanafe.

Magawo ambiri anali aphokoso: amuna a zipewa akuthamangitsana, akazi akukuwa, ndi nyimbo yokuuziratu kuti apa ndiye uope. Akalaliki ankasinza pakati pake. Koma kumayambiriro kwa gawo lililonse kumadutsa mayina, ndipo dzina lina likaoneka iwo ankawongoka pampando n'kugogoda mwamphamvu.

"Wawo uja wabwera," Amayi ankatero. "Lero sasinza."

Ndinafunsa monong'ona kuti mwa anthu a m'seweromo ameneyo ndi uti.

"Saoneka ameneyo. Ndi amene amauza anzake poima, ndi poloza kamera."

"Da-yi-re-ki-ta," anatero Akalaliki. Liwulo linawatengera nthawi, koma analimaliza.

Dzina lake sindinayesepo kulitchula. Ndinkangolizindikira ndi maonekedwe, lalitali, lokhala ndi zilembo ziwiri zazitali pakati ngati mapolo a golo. Ndikaliona, ndinkayamba kuopa sewero lisanayambe, chifukwa munthu ameneyu sankakuonetsa chinthu choopsacho. Ankakuonetsa chitseko, mbale, kapu, n'kukusiya nazo.

Gawo lake loyamba kuliona linali nambala 3. Mayi akusita zovala, kumbuyo kwake kuli chitseko chotsekuka pang'ono, polowa chala. Kamera ikupita pa simbi, pa malaya, pa nkhope yake, ndipo ikabwerera, chitseko chija chatsekuka polowa dzanja. Palibe nyimbo, kungomveka simbi ikugunda tebulo. Kenako polowa mutu. Mayiyo sakucheuka. Amayi a kuseri anali akusenda nachesi, ndipo ndinaona chala chawo chitaima pakati pa khungu. Mpaka gawo kutha palibe analowa. Mayi uja anangoimika simbi, n'kuima chilili osacheuka, mayina n'kuyamba kukwera. Kuyambira tsiku limenelo yunifolomu yanga ndimasita nditayang'ana kukhomo.

Nambala 11 inali ya banja la anthu anayi limene pa tebulo pake pankayalidwa mbale zisanu. Palibe ankafunsa. Kamwana kokha ndi kamene kankayang'ana mpando wopanda munthu. Tsiku lomaliza mbale zinali zinayi, ndipo ndinapuma, mpaka nditawerenga anthu n'kupeza kuti atsala atatu.

Koma limene ine ndinkaliona kuti ndi loposa onse linali nambala 5. Bambo akutsika sitima atanyamula envelopu imodzi, n'kuyamba kukwera msewu wautali wa nyumba zoyang'anizana. Kuseri kwa katani iliyonse kuli mayi akumusuzumira. Akadutsa pageti pake, mayiyo amatsitsa mapewa, kamera n'kupita kwa wotsatira. Gawo lonse ndi kuyenda kumeneko basi. Ine ndinalimva chifukwa ndinkalidziwa. Kwathu njinga yachilendo ikamakwera mtunda pang'onopang'ono kuchokera kuchipatala, azimayi amasiya zimene akuchita n'kumaonera kuti ikhotera khomo liti.

Zonsezi ndinkafuna kuzisunga, ndiye Loweruka lililonse ndikabwerako ndinkazilemba. Koma ndinali wosamala. Ndinaganiza kuti tsiku lina azakhali akhoza kulipeza kopelo, choncho mawu akuti kanema, sewero kapena disiki sindinawalembe paliponse. Mayina a azungu aja sindinkawamva bwino, ndiye ndinkangolemba kuti mayi, bambo, mwana. Tsamba lililonse linkayamba ndi mawu akuti, "Lero kuseri ndaona." Ku tsamba lomaliza ndinkandandalika manambala okhaokha, ndipo a dayirekita uja ndinkawaika tinyenyezi. Ndinkadziona wochenjera.

Nambala 7 tinaionera m'mwezi wa Juni, kukuzizira moti Akalaliki anali atafunda bulangete mpaka m'khosi. Imeneyi ndi imene iwo ankaikonda kuposa zonse. Muli mayi amene mwamuna wake akudwala ali gone. M'mawa kwabwera dokotala n'kusiya mankhwala. Masana kwabwera bambo wina n'kunong'onezana ndi mayiyo pageti, osamveka zimene akunena. Kenako mayi akupanga tiyi. Akutseka chitseko cha kukhitchini, akutulutsa kabotolo m'thumba la epuloni, akudontheza m'kapu. Kamera siikuonetsa nkhope yake, ili pa kapu pokha. Akutakasa, n'kugogoda kapu ndi supuni katatu. Mwamuna akumwa akumwetulira. Gawo likutha mayiyo akutsuka kapu ija, n'kuitsukanso kachiwiri.

"Ndi mankhwala a dokotala aja," anatero Amayi. "Mkazi wotopa basi, palibe china."

Akalaliki anapukusa mutu. Anayang'ana kapu yawo pa kasitulu, n'kuikankhira kutali ndi chala, diso limodzi lili pa akazi awo.

"Taonani bambo awa! Ndikanafuna kukuphani ndikanadikira zaka zonsezi ndikuchapa mabulangete anu? Imwani apa." Anatenga supuni n'kugogoda kapuyo katatu mwadala, ndipo Akalaliki anaseka mpaka kutsokomola.

Ine ndinasekako pang'ono, koma kapu ija sinandichoke m'maganizo. Nditafika kunyumba ndinalemba izi, ndipo ndikuzikopera monga zilili:

"Lero kuseri ndaona zoopsa. Mayi anapanga tiyi wa bambo odwala aja. Anatseka chitseko cha kukhitchini, anatulutsa kabotolo m'thumba la epuloni, anadontheza m'kapu. Anagogoda ndi supuni katatu. Bambo anamwa akumwetulira, sakudziwa kanthu. Kapu anaitsuka kawiri. Sindiuza munthu."

Lachiwiri lotsatira chifuwa cha Akalaliki chinakula, ndipo anawagoneka m'chipatala. Anati ndi chibayo. Lachitatu nditabwera ku sukulu ndinapisa dzanja pansi pa matiresi, n'kupeza kope lili pomwepo, koma msana wake utaloza kukhomo.

Ndinakhala pabedi nthawi yaitali ndikudziuza kuti mwina ndinaliika choncho ndekha. Azakhali atabwera sananene za kope. Anangoti, "Kuseri usapitenso," ndipo anandiyang'ana mwachifundo, zimene zinandiopsa kuposa akanakalipa. Tsiku lotsatira Amayi a kuseri anapatsira pampanda mbale ya zitumbuwa monga ankachitira nthawi zina. Azakhali analandira ndi manja awiri, anathokoza, kenako anakazikhuthulira m'dzenje la zinyalala n'kukwirira ndi dothi kuti nkhuku zisafukule.

Apo ndinali ndisanamvetsebe. Ndinkangoganiza kuti adziwa za kanema, ndipo ndinkadikira njinga. Ndinamvetsa madzulo a tsiku lomwelo, ndikutsuka mbale kuseri kwa khitchini, azakhali akuyankhula pa foni ali m'nyumba.

"Eya, alongo awo a Akalaliki, ndi ine neba uja. Mubwere msanga. Mwana anaona ndi maso ake, analemba zonse. Kabotolo, inde. Ayi, ameneyu sanganame, sayankhula n'komwe."

Mbale inaterereka m'manja mwanga n'kumira m'beseni. Mayi wa epuloni. Bambo odwala. Tiyi. Kuseri. Ndinabwereza tsamba lija m'mutu mwanga monga analiwerengera azakhali, ndipo munalibe liwu limodzi lowauza kuti si zoona. Mawu onse amene akanawauza ndinawachotsa ndekha.

Ndikanatha kulowa nthawi yomweyo n'kunena. Khomo linali pafupi, masitepe awiri okha. Ndinaima ndi manja onyowa mpaka foni inatha, kenako ndinapitiriza kutsuka. Ndinadziuza kuti ndinena m'mawa. M'mawa ndinadziuza kuti ndinena ndikabwera ku sukulu. Ndikatsekula pakamwa ndinkaona bambo anga ataima pakhomo ku Nsambe, ndikutsika njinga ndi chikwama pakati pa teremu, ndipo ndinkatsekanso pakamwapo.

Nkhani inali itayenda kale. Pampope azimayi ankasiya kuyankhula Amayi a kuseri akamafika ndi ndowa, n'kuyambiranso akachoka. Ine ankandipatsa malo kuti nditunge msanga, wina mpaka anandisisita kumutu. Lachisanu ndinawaona Amayi akutuluka ndi basiketi ndi fulasiki kupita kuchipatala. Anandiona ndikuyanika zovala.

"Wasowatu mwanawe! Lero akuwatulutsa. Akufunsa ngati mawa ubwera, akuti nambala 9 sunaione."

Sankadziwa kanthu. Ndinabisa nkhope kuseri kwa chitenje chonyowa n'kuyankha kuti, "Chabwino, amayi." Masiku amenewo m'kope sindinalembemo. Ndinkangoyang'ana kumsewu, njinga iliyonse ikamachepetsa liwiro, ngati azimayi a mu nambala 5 aja, kungoti ine ndinkadziwa kale geti limene ikhotere.

Inakhota Loweruka m'mawa. Panatsika mayi wamtali wa duku lakuda, mlongo wawo wa Akalaliki wochokera ku Midzemba. Azakhali tsiku limenelo sanapite kumsika. Masana anandiitana.

"Tenga kope lako. Usaope, palibe akukhudze. Ungowerenga zimene unalemba."

Magetsi anali atathima kuyambira m'mawa, ndipo pabalaza la Akalaliki panali mdima pang'ono. Iwo anali pampando wawo, ataonda, bulangete lili m'miyendo. Pafupi ndi khomo panali chikwama chawo chomangamanga. Wailesi ya kanema inali yophimba ndi kansalu kake. Amayi anakhala pamkeka, atavala epuloni.

"Alamu, ine sindinabwere kudzakangana," anatero alongo aja. "Ndabwera kudzatenga mchimwene wanga. Galimoto ibwera 4 koloko. Inu mutsale ndi nyumba yanu ndi mabotolo anu, koma ku Midzemba musadzapondeko."

"Mabotolo ake ati, alamu? Chifikireni mukungozungulira. Ndalakwanji?"

"Mwanayu akuuzani."

Azakhali ananditsekulira tsamba. Ndinawerenga. Mawu anga anali aang'ono moti alongowo anati ndikweze, ndipo ndinabwereza chiganizo cha kabotolo kawiri. Nditafika pa supuni ndinakweza maso. Amayi anali atatsinzina. Atatsekula maso anayang'ana kansalu ka pa kanema, kenako ine. Ndinadziwa kuti alizindikira gawolo.

"Mwamva?" anafunsa alongowo.

"Ndamva."

"Ndiye mukuti bwanji?"

"Ine sinditi kanthu. Ndikanena ine muziti ndikudziteteza. Mwini kope ali pompano."

"Musamuyang'ane choncho mwana, mukumuopseza!"

Koma sankandiopseza. Ankandiyang'ana monga ankachitira akamandipatsa theka la nachesi. Lamulo la azakhali ankalidziwa, ankadziwa chimene ndingataye, ndipo anangodikira.

Akalaliki anayamba kugogoda mkono wa mpando. Pakamwa pawo pankagwedezeka, koma chidwalireni chibayo mawu anali atachepera. Chinangotuluka ndi mpweya.

"Musavutike achimwene, ndamva," anatero alongo awo akuwakonza bulangete. "Tikupita kwathu. Simudzamwanso za m'nyumba ino."

Akalaliki anagogoda mwamphamvu, alongowo n'kuyang'ana azakhali ngati akuti mwaonatu. Apo ndi pamene mantha anga anasintha. M'maganizo mwanga ndinaona galimoto ikubwera, anthu akuwanyamula Akalaliki akugogodabe, aliyense akumva kuti akuvomera. Ndinaona Amayi atatsala pamkeka paja, m'tauni imene palibe adzalandirenso chakudya cha m'manja mwawo. Wotchi ya pakhoma inkamveka kwambiri. Panja nkhuku inali kupalasa. Ndinadziwa kuti palibenso wina amene alowe pakhomo kudzanena m'malo mwanga.

"Ndi za pa kanema," ndinatero.

Palibe anamva. Ndinakweza mawu.

"Azakhali, ndi za pa kanema."

"Kanema wake uti? Iwe kuno umabwera kudzawerenga."

"Ndimawerenga tsamba limodzi. Kenako timaonera. Ndakhala ndikukunamizani kuyambira teremu yoyamba. Sindinalembe kuti ndi kanema chifukwa ndinkaopa kuti mudzaona."

Azakhali anagwira pakamwa ndi dzanja. Koma alongo aja anawomba m'manja kamodzi.

"Ayi, ayi. Mwana mwamuphunzitsa ndi maso ameneyu, tonse taona. Ngati ndi kanema, yatsani tione."

"Magetsi kulibe, alamu."

"Eti! Athima lero lomwe."

Sindikudziwa chimene chinandiuza kuti nditembenuze masamba. Ndinabwerera m'mbuyo, n'kuyamba kuwerenga popanda wondipempha.

"Lero kuseri ndaona sitima ikufika, utsi uli tolo. Munatsika bambo wa chipewa atanyamula envelopu imodzi."

"Sitima?" anatero alongowo. "Kuseri kwa mpanda uwu?"

Ndinatsekula lina. "Lero kuseri ndaona mayi akutsika masitepe a m'nyumba yosanja, atanyamula mbale zisanu, pamene anthu ndi anayi."

Azakhali anayang'ana kudenga la malata, ngati akufunafuna nyumba yosanjayo. Ndinawerenganso la chitseko, mpaka pamene mayi anaimika simbi. Mawu anga anali atakula osadziwa. M'moyo mwanga ndinali ndisanayankhulepo nthawi yaitali choncho pamaso pa anthu akuluakulu.

"Ine ndinangowerenga tsamba limodzi lija," anatero azakhali motsitsa. "Ndinkafuna pepala lolembapo nambala ya foni. Nditafika pa kabotolo ndinatseka, sindinapitirire."

Ndinagwada n'kukoka katoni ya nsapato pansi pa tebulo. Ndinawaonetsa alongowo tsamba lomaliza la manambala ndi tinyenyezi, kenako ndinafufuza disiki ija n'kuwapatsa ndi manja awiri. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Sindikudziwa ngati anamvetsa za tinyenyezi, koma kalembedwe ka mchimwene wawo anakazindikira, chifukwa anasisita nambalayo ndi chala.

Pa kasitulu panali kapu yopanda kanthu ndi supuni. Akalaliki anatambasula dzanja lamanzere pang'onopang'ono, anaiphonya supuniyo kamodzi, kenako anaigwira. Anagogoda kapu. Kamodzi, kawiri, katatu.

"Se-ve-ni," anatero.

Kenako anakankhira kapuyo kumbali kumene kunali akazi awo.

"Ti-yi."

Amayi sanadzuke nthawi yomweyo. Anayamba apukuta m'maso ndi ngodya ya epuloni. Atadzuka anatenga kapu n'kupita kukhitchini, ndipo ndinamva akukoka chinthu cholemera. Unali mwala umene ankaphwanyira makala. Anauika pachitseko kuti chisatsekeke, n'kupanga tiyiyo tonse tikuona.

"Anthu akuluakulu kumaonera zoterezi ndi mwana, mumati zithera kuti?" anatero alongo aja, osayang'ana munthu. Anatuluka ndi foni kukauza wa galimoto kuti asabwere. Kupepesa kwawo kunali komweko.

Titabwerera kwathu ndinakhala pabedi, chikwama chili pafupi. Azakhali anaima pakhomo.

"Ukudikira chiyani?"

"Njinga, azakhali."

"Ukuganiza ndili ndi nkhope yokakusiya ku Nsambe n'kufotokoza kuti chachitika n'chiyani? Mawa tikachoka kutchalitchi tiyenda limodzi, khomo ndi khomo, paliponse pamene ndinayankhula. Ine ndizinena zanga, iwe uziwerenga za sitima yakoyo."

Tinayendadi. Pakhomo lililonse ndinkagwada, n'kuwerenga za sitima ndi za mbale zisanu. Ena anaseka mpaka kugwira m'mimba, n'kumawatchula azakhali kuti wapolisi. Ena anangogwedeza mutu. Mayi mmodzi anamvetsera zonse bwinobwino, kenako anati, "Komabe bambo aja anadwaladi sabata yomweyo." Azakhali anayambiranso kufotokoza, koma ndinaona kuti pamenepo sitichotsapo kanthu.

Akalaliki sanapite ku Midzemba. Mpaka lero ali pampando wawo womwewo, ndipo amawasambitsa ndi akazi awo. Koma Amayi anatha Maloweruka atatu osandiitana, ndipo ine ndinkayanika zovala mbali ina ya nyumba. Loweruka lachinayi ndinamva mawu pampanda.

"Mwanawe. Magetsi alipo. Azakhali ako ndawapempha ndekha, akuti gawo limodzi basi."

Ndinapita ndi mawu opepesa amene ndinawakonza sabata yonse, koma nditangoyamba anandidula.

"Khala pansi. Ukamalemba, uzilemba kuti ndi sewero."

Tinaonera nambala 9. Dzina lalitali lija linaoneka, Akalaliki anagogoda, ndipo ndinayamba kuopa monga kale. Linali gawo labwino, la bambo amene akumva wina akuyenda m'chipinda cha pamwamba m'nyumba imene amakhala yekha. Ndinaliika tinyenyezi tiwiri. Pamwamba pa tsambalo ndinalemba kuti SEWERO, ndi zilembo zazikulu, n'kudula mzere kunsi kwake.

Pakati pa gawolo Amayi anadzuka kukapanga tiyi. Mwala uja unali pomwe anausiya tsiku lija, ndipo chitseko cha kukhitchini chinali chotsekula mpaka kukhoma, ngakhale mphepo ya Julayi inkalowa mpaka pabalaza. Anatakasa, n'kuika supuni pambali mwakachetechete. Nambala 7 ili pansi pa katoni, ndipo palibe mwa ife amene anaitchulanso.